Kudula kachidutswa ka kanema pa chimbale kuti muonetse m'kalasi: njira iti ikuyenerani?

Piriyodi imodzi ku sekondale ndi mphindi 40. Filimu ya pa chimbale imatha ola ndi theka, ina maola awiri, koma chimene mphunzitsi akufunamo ndi mphindi ziwiri kapena zitatu basi: pamene mtima ukupopa magazi, pamene chiphalaphala chikutsetsereka m'phiri, kapena pamene anthu awiri a m'sewero la pa silabasi akuponyerana mawu. Mukalowa m'kalasi ndi chimbale chathunthu, mphindi zoyamba zimathera pa machenjezo amene sadumphika, kenako menyu, kenako kuthamangitsa kanema uku mukusuzumira kuti malo aja ali pati. Pomwe muziwapeza, ana ayamba kale zawo. Magetsi akangophethira, zonse muyambirenso.

N'chifukwa chake ndi bwino kudula kachidutswa kamene mukufunako n'kukasunga pa fulashi. Njira zilipo zingapo ndipo pafupifupi zonse n'zaulere. Ndineneretu pamene ndaima: kwa aphunzitsi ambiri, pulogalamu ya HandBrake ikuposa zinazo. Sikuti imatulutsa chithunzi chokongola kwambiri ayi, zilipo zoiposa pamenepo. Koma imakulolani kukonza mawu kuti amveke mpaka kumbuyo, ndipo fayilo yake TV zambiri zimaivomera. M'kalasi lodzadza, ana amapirira chithunzi chachimbuuzi, koma mawu akapanda kumveka phunziro lathera pomwepo.

Choyamba onani kuti chimbale chanu n'chotani

Lowetsani chimbale mu kompyuta koma musachiyambitse. Chitseguleni ngati foda muone zimene zili m'kati. Malaputopu ambiri atsopano alibe polowetsa chimbale, choncho mungafunike DVD drive yolumikiza pa USB. Imodzi ikukwanira sukulu yonse.

Mukapezamo mafayilo othera ndi MP4 kapena AVI, mwapepukidwa. Chimenecho ndi chimbale chongosungira mafayilo, ndipo zambiri za pamsika n'zotere. Koperani fayiloyo pa kompyuta, chotsala n'kudula basi.

Mukapeza foda yolembedwa MPEGAV yokhala ndi mafayilo ngati AVSEQ01.DAT, imeneyo ndi VCD. Ilibe loko, ndipo VLC, pulogalamu yoseweretsera makanema pa kompyuta, imatsegula mafayilo amenewa bwinobwino. Koma chithunzi cha VCD n'chaching'ono, 352 kwa 288 basi, moti pa pulojekita chimaoneka timabokosi. Palibe pulogalamu imene ingabwezeretse zimene pachimbalepo palibe, ndiye musataye nthawi kufunafuna.

Foda ya VIDEO_TS ndiyo chizindikiro cha DVD yeniyeni. M'menemo filimu imakhala yogawidwa m'mafayilo a VOB, iliyonse yosaposa 1 GB, ndipo timafayilo ta IFO ndi timene timauza makina kuti zigawozo zikulumikizana bwanji, machaputala akuyambira pati, zilankhulo zilipo zingati. Chithunzi chake ndi 720 kwa 576 pa zimbale za PAL, zimene ndi za kwathu kuno ndi ku Ulaya, kapena 720 kwa 480 pa za NTSC za ku America ndi Japan. Chimbale chimanyamula 4.7 GB, china 8.5 GB.

Ma DVD alinso pawiri. Opangidwa ndi mabungwe, mipingo, masukulu ndi ojambula a konkuno nthawi zambiri alibe loko. Ochokera ku makampani akuluakulu a mafilimu amakhala ndi loko wotchedwa CSS, amene anayamba mu 1996. Loko ameneyu anathyoledwa mu 1999 ndi kapulogalamu ka DeCSS, kamene mmodzi mwa okalemba anali mnyamata wa ku Norway, Jon Lech Johansen, ndipo chiyambire pamenepo funso lasanduka la malamulo kuposa la luso. Tifikako. Pa chimbale cholokedwa, mukangokopera mafayilo a VOB kompyuta imakana, kapena kanema amatuluka wophwanyikaphwanyika.

Palinso nkhani ya zigawo. Opanga ma DVD anagawa dziko lapansi: America ndi Canada ndi chigawo 1, Ulaya, Japan ndi South Africa ndi chigawo 2, pamene Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe zili m'chigawo 5. Ndiye chimbale chimene m'bale wanu wakutumizirani kuchokera ku Johannesburg kapena ku London chikhoza kukana pa makina ena. Kompyuta ikakufunsani ngati mukufuna kusintha chigawo cha drive, musafulumire kuvomera: imalola kasanu kokha, kenako imakhazikika pa chigawo chomalizacho. Yesani kaye VLC, imene nthawi zambiri siilabadira zigawozi.

Osadula n'komwe

Njira yotchipa kuposa zonse ndi pepala ndi cholembera. Onerani chimbale madzulo, lembani kuti gawo lanu likuyamba pa 12:30 n'kutha pa 15:10, kapena kuti ndi chaputala 7. Rimoti za makina ambiri a DVD zili ndi batani la Search kapena Goto lolembera nthawi, komanso la A-B lobwereza gawo limodzi kangapo. Fikani msanga, imitsani kanema pamalopo ana asanalowe. Simunakopere kanthu, choncho nkhani ya malamulo yachepa kwambiri.

Zimatheka ngati gawolo ndi limodzi ndiponso magetsi ndi odalirika. Mukafuna magawo atatu a m'zimbale ziwiri kuti ana ayerekeze, njirayi yagwa. Komanso chimbale choyenda m'chikwama tsiku ndi tsiku sichichedwa kukandika.

Batani lofiira la VLC

VLC ili pa makompyuta ambiri kale, ndipo imagwira ngakhale pa makina akale a Windows 7. Inayamba mu 1996 ngati ntchito ya ophunzira a pa École Centrale Paris, ndipo mpaka lero ndi yaulere. Anthu ambiri sadziwa kuti imajambulanso. Pitani pa View, sankhani Advanced Controls, ndipo m'munsi mutuluka mabatani ena, limodzi lofiira. Tsegulani chimbale kudzera pa Media ndi Open Disc, ndipo mukachonga pa No disc menus mudumpha menyu. Fikani pamalo anu, dinani batani lofiira, lolani kanema ayende, dinaninso pamene mukufuna athere. Fayilo mukaipeza mu foda ya Videos, dzina lake loyamba ndi vlc-record.

Ubwino wake ndi woti palibe chophunzira. Mumaona zimene mukudula, ndipo gawo la mphindi zitatu limatenga mphindi zitatu. VLC sisintha kanthu pa kanemayo, imangokopera mmene alili pachimbale, choncho chithunzi sichitsika.

Kusasinthako ndiye kulinso vuto lake. Fayilo imatuluka mu MPEG-2 ndi mawu a Dolby Digital monga zilili pa DVD. Pa laputopu zimayenda, koma TV zina zotchipa zimaonetsa chithunzi popanda mawu, zina zimangolemba kuti fayilo siikudziwika. Kukula kwake n'kwakuti mphindi zitatu zimaposa 100 MB mosavuta. Poyambira ndi pothera sipalondola kwenikweni, choncho dinani masekondi angapo malo anu asanafike ndipo musafulumire kuimitsa. Mawu olembedwa m'munsi, amene mumawaona pojambula, musawadalire kuti akaoneka pa TV. Mukamaseweretsa pa laputopu n'kuona timizere ngati mano a chipeso m'mbali mwa zinthu zoyenda, dinani D pa kiyibodi; timizereto n'tochokera ku kalukidwe ka zithunzi za TV zakale.

Ngati phunziro ndi la mawa, gawo ndi limodzi, ndipo mudzaonetsa pa laputopu yomweyo, VLC yakwana. Musavutike ndi zina.

HandBrake

Pulogalamuyi anaiyamba Eric Petit mu 2003, ndipo imapezeka pa handbrake.fr. Itengeni pomwepo, chifukwa pa intaneti pali masamba ambiri ogulitsa mapulogalamu ofanana nayo dzina, ena odzadza ndi zosafunika. Yatsopano imafuna Windows 10 kapena 11 pamodzi ndi .NET Desktop Runtime ya Microsoft, ndiye konzani bandulo ya zinthu ziwiri. A makompyuta akale angapeze HandBrake yakale pa tsamba lomwelo.

Mukaitsegula imafunsa gwero: lozani DVD drive, foda ya VIDEO_TS kapena fayilo iliyonse ya kanema. Ikatha kuwerenga, pa Title sankhani mutu wautali kwambiri, umene kawirikawiri ndiwo filimu yeniyeniyo. Pambali pake pali Range, ndipo apa ndi pamene pagona ntchito yathu. Imayamba ili pa Chapters, yodulira machaputala athunthu. Sinthani ikhale pa Seconds n'kulemba nthawi zanu, 00:12:30 mpaka 00:15:10. HandBrake si yabwino pofufuzira malo, choncho nthawizo muzipezeretu mu VLC. Pa Preset sankhani Fast 576p25 ngati chimbale ndi cha PAL, kapena Fast 480p30 ngati ndi cha NTSC. Kusankha 1080p sikuwonjezera kanthu pa DVD. Format ikhale MP4.

Mutati mudine Start Encode pamenepa, mupeza fayilo yabwino ndithu: H.264 ndi mawu a AAC, zimene TV ya USB, foni, PowerPoint ndi pulojekita zimawerenga. Mphindi zitatu zimatsika kufika pa 30 kapena 40 MB, kutengera kuti m'kanemamo zinthu zikuyenda motani. Koma musadine kaye. Pali malo atatu amene amasiyanitsa kachidutswa ka m'kalasi ndi ka pabalaza.

Oyamba ndi Audio. Mafilimu ambiri mawu ake anakonzedwera masipika asanu ndi limodzi, ndipo zolankhula za anthu zimakhala pa sipika yapakati. Akawaphatikiza kuti akwane masipika awiri, nyimbo ndi mabingu zimakwera pamene kulankhula kumatsika. Kunyumba mumangokweza n'kutsitsa ndi rimoti. M'kalasi la malata, mvula ikuwaza, mawindo opanda magalasi, wa kumbuyo samva kanthu. Mu HandBrake ikani Mixdown pa Stereo, kenako pezani Gain ndi DRC. Gain imakweza mawu onse. Yambani ndi 3 kapena 5, chifukwa mukapyola amayamba kusweka. DRC imayandikitsa mawu otsika ndi okwera kuti kunong'ona kumveke popanda kuphulika kugonthetsa ana. Imagwira pa mawu a Dolby Digital, omwe ndi a ma DVD ambiri, ndipo pakati pa 1.5 ndi 2.5 m'pamene pamathandiza. Pamalo omwewo onetsetsani kuti mwasankha chilankhulo choyenera, pakuti zimbale zina zimayamba ndi Chifalansa kapena ndi ndemanga za wopanga filimu.

Achiwiri ndi Subtitles. Chingerezi cha m'mafilimu n'chothamanga, katchulidwe kake n'kachilendo kwa mwana wa Fomu 1, ndipo mawu olembedwa m'munsi amamuthandiza kutsatira. Pa DVD mawu amenewa sasungidwa ngati zilembo koma ngati tizithunzi, ndiye TV zambiri siziwaonetsa akakhala padera. Sankhani mzere wa English n'kuchonga Burn In kuti amatidwe pachithunzi penipenipo. Akamatidwa sachoka. Aphunzitsi a chilankhulo apange tizidutswa tiwiri, kena kopanda mawu olembedwa koyesera kumvetsera, kena kokhala nawo kobwerezera. Ndi Add to Queue mungandandalike tonse, ngakhale khumi, n'kusiya kompyuta igwire ntchito inu mukuchonga makope.

Achitatu ndi Dimensions. DVD imasunga chithunzi chotambalala mochifinya, n'kuuza makina kuti achitambasule poonetsa. TV zina sizimva uthengawo, ndipo anthu amaoneka aatali ndi oonda modabwitsa. Zikatero bwererani, ikani Anamorphic pa None, pangani kachiwiri. Timizere ta mano a chipeso tija ma preset amenewa amachotsa okha.

Zofooka zake zilipo. Imafinya kanema mwatsopano, choncho chithunzi chimatsikako pang'ono, ngakhale kuti pa khoma la kalasi palibe angazindikire. Gawo likakhala kumapeto kwa chimbale, imatenga nthawi kufufuza poyambira, ndipo mukhoza kuganiza kuti yaima. Laputopu imatentha ndipo batire limatha msanga, ndiye ntchitoyi ndi ya pamene magetsi alipo. Chachikulu n'chakuti HandBrake payokha sitsegula loko wa CSS. Pa chimbale cholokedwa imanena kuti sinapeze mutu uliwonse, kapena imatulutsa zithunzi zophwanyika.

MakeMKV ndi LosslessCut: za dipatimenti yonse

MakeMKV imatenga filimu yonse pa chimbale, cholokedwa ndi chosalokedwa chomwe, n'kuiika mu fayilo imodzi ya MKV osasintha kanthu. Zilankhulo zonse, mawu olembedwa ndi machaputala zimabwera momwemo. Pa DVD ndi yaulere. Pa Blu-ray, chimbale cha mtundu watsopano kuposa DVD, imafuna kiyi ya laisensi, komanso drive ya Blu-ray. Fayilo ya DVD imakhala pakati pa 4 ndi 8 GB, ya Blu-ray imaposa 20 GB.

Kuchita zimenezi chifukwa cha mphindi zitatu zokha kuli ngati kukagayitsa thumba lathunthu pofuna ufa wa phala la m'mawa umodzi. Koma ngati chimbalecho mudzachibwerera chaka ndi chaka, mwachitsanzo sewero la pa silabasi limene mudzafunamo magawo khumi ndi awiri, nzeru yake ikuoneka. Chimbale mumachiwerenga kamodzi n'kuchibwezera m'kabati, ndipo kufufuza malo pa fayilo ya pa kompyuta n'kwachangu kuposa pa chimbale chozungulira.

Podula pali LosslessCut, imene analemba Mikael Finstad. Mumakokeramo fayilo, kudina I poyambira ndi O pothera, kenako Export, ndipo m'masekondi ochepa kachidutswa katuluka, chifukwa sifinya kanthu. Mungaike zizindikiro pa magawo ambiri n'kuwatulutsa nthawi imodzi. Imadula pa zithunzi zathunthu zokha (zithunzi zina za m'kanema zimangosunga zimene zasintha), zimene pa DVD zimabwera pafupifupi theka la sekondi lililonse, choncho kusalondola kwake n'kochepa. Pa mafayilo a MP4 a pamsika aja zithunzi zathunthu zimatalikirana, ndiye kachidutswa kakhoza kuyamba masekondi angapo m'mbuyo. Pulogalamu ina, Avidemux, imachita zofanana. Okonda kulemba malamulo pa kompyuta angagwiritse ffmpeg, imene ndiyo injini ya LosslessCut, koma mphunzitsi wa Geography sakusowa zimenezo.

Dziwani kuti chotuluka mu LosslessCut chikadali MPEG-2 wa pa DVD, ndi mavuto omwe aja a TV ndi mawu otsika. N'chifukwa chake ine fayilo ya MakeMKV ndimailowetsabe mu HandBrake. LosslessCut imawala pamene gwero ndi MP4 kale: pamenepo palibe chifukwa chofinyiranso, pokhapokha mawu akhale otsika.

Zimbale zina za makampani zimabisa filimu pakati pa mitu yabodza yambirimbiri, mpaka 99, yofanana kutalika. Mukakumana nazo, seweretsani chimbale mu VLC kudzera pa menyu yake, filimu ikayamba onani pa Playback ndi Title kuti ndi nambala iti yachongedwa. Imeneyo ndiyo yeniyeni.

Kujambula sikirini, ndi kujambula ndi foni

OBS Studio imajambula chilichonse chooneka pa sikirini pamodzi ndi mawu ake. Apa simukhudza loko wa chimbale mwachindunji, ndipo mawu olembedwa amalowa okha poti zimene mukuona ndi zimene zikujambulidwa. Koma imafuna kompyuta yamphamvu ndithu, chifukwa makina akuseweretsa ndi kujambula nthawi imodzi. Pa laputopu yofooka kanema amadumphadumpha. Uthenga ukatulukira pa sikirini walowa m'phunziro, kamuvi ka mbewa nakonso. Mapulogalamu ena oseweretsera amatchinga, mumangopeza mdima wokhawokha ndi mawu. Kuikonza koyamba kumatenganso nthawi kuposa HandBrake. Ndi njira ya pamene zina zakanika.

Kuloza foni pa TV ndiye kwapansi penipeni. Chithunzi chimaphethira, dzanja limanjenjemera, tambala wa kwa aneba amalowa m'mawu. Ngati palibiretu kompyuta, tsamiritsani foni pa mabuku, igoneke chopingasa, zimitsani nyale, yandikitsani ku sipika. Kuonetsa mmene madzi amasinthira mtundu mu labotale zingatheke. Kuphunzitsa katchulidwe ka mawu, ayi.

Kwa anyamata obena nyimbo

Pamsika uliwonse pali kashopu ka kompyuta, ndipo ena mwa anyamata a pamenepo ntchitoyi amaidziwa kuposa ife. Ngati sukulu ilibe drive, palibe cholakwika kuwapempha, makamaka pa chimbale cha sukulu chosalokedwa. Pitani ndi nthawi zolemba papepala, nenani kuti mukufuna MP4, ndipo mumvere mawu musanachoke. Ambiri amazolowera kufinya kwambiri kuti zikwane pa memori ya foni, zimene pa pulojekita zimaoneka zoipa. Auzeni kuti n'za pa sikirini yaikulu. Fulashi yobwera kumeneko ipimeni mavairasi isanalowe mu kompyuta imene muli malikisi a ana. Ndipo chimbale chanu musachisiye kuti mudzatenga mawa, pakuti chikakopedwa n'kuyamba kugulitsidwa, dzina limene lidzatchulidwe ndi la sukulu.

Nanga malamulo?

Pali mafunso awiri amene anthu amawasakaniza. Loyamba: kodi n'kololedwa kugwiritsa ntchito kachidutswa ka filimu ya wina pophunzitsa? Lachiwiri: kodi n'kololedwa kutsegula loko kuti mukapeze?

Pa loyamba, pangano la Berne, limene Malawi analowamo mu 1991, m'ndime 10 limapatsa mayiko danga lololeza kugwiritsa ntchito zaluso za ena ngati chitsanzo pophunzitsa, malinga n'zoyenerana ndi cholingacho ndipo gwero ndi mwini wake atchulidwa. Dziko lililonse limalemba zimenezi m'njira yake. Ku Britain, kuyambira 2014, gawo 32 la lamulo lawo la 1988 limalola zotere pophunzitsa kosachita malonda. Ku South Africa zili m'lamulo la 1978. Kuno kwathu lamulo ndi Copyright Act ya 2016, imene inalowa m'malo mwa ya 1989, ndipo bungwe loyang'anira ndi COSOMA. Sukulu imene ikufuna kusunga tizidutswa tambiri ta aphunzitsi onse ikafunse kumeneko isanayambe.

Funso lachiwiri lavuta kwambiri ku America. Lamulo lawo la DMCA la 1998 linaletsa kutsegula loko ngakhale cholinga chikhale chabwino, moti mphunzitsi wa za mafilimu ankayenera kusinthasintha zimbale m'kalasi. Zaka zitatu zilizonse mkulu wa Library of Congress amalengeza magulu opatsidwa chilolezo chapadera. Mu 2006, Peter Decherney ndi anzake a ku University of Pennsylvania atadandaula, aphunzitsi a za mafilimu analoledwa. Mu 2010 chilolezo chinafikira aphunzitsi onse a m'makoleji ndi m'mayunivesite, mu 2012 a ku pulayimale ndi sekondale, ndipo mu 2015 Blu-ray inalowamo. Nthawi zonse mawu ake akhala oti tizidutswa, osati filimu yathunthu. Malangizo ambiri a pa intaneti onena kuti mphunzitsi ali ndi ufulu wotsegula loko amachokera kumeneko, ndipo chilolezocho chimathera m'malire a America.

Chimene chili m'manja mwanu kulikonse ndi ichi: chimbale chikhale chenicheni, chanu kapena cha sukulu, kachidutswa kakhale kakafupi, kolumikizana ndi phunziro, tchulani dzina la filimu ndi oipanga, ngakhale pa bolodi, musalipiritse pakhomo, musakaike pa Facebook kapena YouTube. Ngati filimuyo ndi ya wojambula wa konkuno, kumupempha n'kosavuta, ndipo akhoza kukupatsani fayilo yoyera kuposa ya pachimbale. Mabungwe amene amagawa zimbale za zaumoyo ndi zaulimi cholinga chawo n'choti zionedwe, ndipo ena amalemba chilolezo pachikuto pomwe, werengani.

Fayilo ikatuluka

Chimbale chikamakakamira pakati, chipukuteni ndi kansalu kofewa kuchokera pabowo lapakati kupita kunja, osati mozungulira, chifukwa mkwasa wotsata mzere wa chimbale ndi umene umawononga kwambiri. Drive ina imawerenga chimene inzake yakana, choncho yesani pa kompyuta yachiwiri musanachitaye.

TV zambiri zakale zimawerenga fulashi ya FAT32 yokha, ndipo FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB. Pa tizidutswa si vuto, koma fayilo yathunthu ya MakeMKV nthawi zambiri silowa. Potumizira mnzanu wa m'dipatimenti pa WhatsApp, tumizani ngati Document. Mukatumiza ngati vidiyo imafinyidwanso. Mu PowerPoint, MP4 imalowa kudzera pa Insert ndi Video, ndipo batani la Trim Video limakuthandizani kumeta masekondi otsalira m'mphepete, ngakhale kuti kukula kwa fayilo sikusintha mpaka mutadina Compress Media.

Dzina la fayilo likhale lonena zoona, monga F3_Bio_mtima_2m40, osati Title_1 kapena vlc-record ndi manambala ake, chifukwa pa menyu ya TV mumaona zilembo zoyamba zokha. Ndipo kuyesa kuchitikire pa TV kapena pulojekita imene mudzagwiritse ntchito, m'chipinda chomwecho, inu mutaima pa desiki lomaliza. Ngati pamenepo zolankhula sizikumveka, bwererani ku Gain ndi DRC, kapena bwerekani sipika ya Bluetooth, koma muilumikize ndi chingwe ngati ili ndi polowetsa, chifukwa pa Bluetooth mawu amatsalira pang'ono m'mbuyo mwa milomo.